KODI TIMAKUMBUKIRA YANI PA CHIPILALA CHA KU AREA 18?

Chaka ndi chaka, Lamulungu lachiŵiri la mwezi wa Novembala, dzuŵa likutentha ndipo mitambo ya mvula ikuyamba kusonkhana, chipilala chachitali chija chimene chili pakati pa Capital Hill ndi nyumba za ku Area 18 chimalandira alendo ambiri. Asilikali ndi apolisi amafola m'mizere yowongoka, oimba malipenga ndi ng'oma ali patsogolo. Akuluakulu a boma, akazembe a maiko akunja, mafumu ndi atsogoleri a mipingo amakhala m'misasa, aliyense atabaya duŵa lofiira pa chifuwa. Pambali pamakhala nkhalamba zingapo zovala mendulo, zina zitagwira ndodo, zina zili pa njinga za olumala. Nthaŵi ikakwana 11 koloko mzinga umalira, ndipo khamu lonselo limakhala chete kwa mphindi ziŵiri. Pambuyo pake lipenga limodzi limalira mwachisoni, kenaka anthu amayamba kuika nkhata za maluŵa patsinde pa chipilalacho. Pa ola lomwelo mwambo wonga womwewu umachitikanso ku Zomba ndi ku Mzuzu.

Ambiri mwa ife amene timachokera ku Area 25, ku Mgona, ku Kawale, ku Biwi kapena ku Chinsapo timachiona chipilalachi tili m'minibasi, ndipo mwina sitinayambe tadzifunsa kuti chimaimira yani. Ena amati n'chokumbukira nkhondo za azungu zimene sizikutikhudza. Ena amati ndi mwambo wa asilikali okhaokha. Koma tikafufuza bwino mbiri yake, tipeza kuti m'dziko muno ndi mabanja oŵerengeka chabe amene nkhani ya tsikuli siiŵakhudza, ndiponso kuti ochuluka mwa anthu oyenera kukumbukiridwa pa mphindi ziŵiri zija sadavale yunifomu kapena kugwira mfuti n'kamodzi komwe.

Chiyambi cha mwambowu

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse idaima ku Ulaya pa 11 Novembala 1918, nthaŵi ya 11 koloko m'maŵa. Chaka chotsatira, Mfumu George V ya ku Mangalande idalamula kuti anthu a m'maiko onse a ufumu wake azikhala chete kwa mphindi ziŵiri pa tsiku ndi ola limenelo. Maganizo okhala chetewo adachokera mu Africa momwe muno: anthu a mumzinda wa Cape Town ankachita zimenezi nkhondo ili mkati, ndipo Sir Percy FitzPatrick, amene mwana wake adafera ku France, ndiye adapereka nzeruyo kwa mfumu. Duŵa lofiira lija, lotchedwa popi, ndi limene linkamera lokha m'minda ya ku Flanders m'mene nthaka idatembenuzidwa ndi mabomba. Itatha nkhondo yachiŵiri, mwambo waukulu adausamutsira pa Lamulungu lachiŵiri la mweziwo, ndipo dziko lathu lidausunga ngakhale titalandira ufulu wodzilamulira mu 1964.

Kwa zaka zambiri malo enieni a mwambowu adali ku Zomba, kumene kuli nsanja ya njerwa yokumbukira asilikali a King's African Rifles, amene makolo athu ankangoŵatchula kuti a Keyala. Gulu limeneli lidakhazikitsidwa mu 1902, ndipo magulu ake aŵiri oyambirira adali a anthu a dziko lino. Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, m'kupita kwa nthaŵi kudafunika kuti mzinda watsopanowu ukhalenso ndi malo ake okumbukirirapo. Motero chipilala cha ku Area 18 n'chaching'ono m'zaka, koma nkhani imene chasenza ndi ya zaka zoposa 100.

Nkhondo ifika pa nyanja yathu

Nkhondo itayamba mu Ogasiti 1914, kumpoto kwa dziko la Nyasaland kudali malire ndi dziko lolamulidwa ndi Ajeremani, limene lero ndi Tanzania. Pa 13 Ogasiti sitima ya boma yotchedwa Guendolen idapita ku dooko la Sphinxhaven, kumene masiku ano ndi ku Liuli, ndipo idaombera ndi kuwononga sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann. Mzinga wa pa Guendolen ukadalipo mpaka lero pafupi ndi nsanja ya wotchi ku Mangochi. Pa 9 Seputembala chaka chomwecho kudachitika nkhondo ya ku Karonga, ndipo Ajeremani adabwezedwa. Ochuluka mwa amene adagwa tsiku limenelo, mbali zonse ziŵiri, adali anthu akuda amene sadadziŵe n'komwe chimene mafumu a ku Ulaya adayambanirana.

Imfa za ku Karongazi ndizo zidachititsa Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe kulemba kalata ku nyuzi ya Nyasaland Times mu Novembala 1914. M'kalatamo adadandaula kuti anthu osauka, amene pa nthaŵi ya mtendere saŵerengedwa, ndiwo akuitanidwa kukakhetsa magazi pa mkangano wosakhala wao, nasiya akazi amasiye ndi ana amasiye opanda woŵasamala. Boma lidaletsa kuti mauwo afalikire. Patangopita miyezi iŵiri, mu Januwale 1915, Chilembwe adaukira boma ndipo adaphedwa kumayambiriro kwa Febuluwale. Masiku ano timamkumbukira pa 15 Januwale, koma si ambiri amene amazindikira kuti tsiku la Chilembwe ndi tsiku la mu Novembala lija ali ndi muzu umodzi.

Pomwe nkhondoyo inkatha, amuna a dziko lino pafupifupi 19,000 adali ataloŵa usilikali. Adamenya nkhondo m'mapiri a kumwera kwa Tanzania motsogozedwa ndi General Edward Northey, ndipo pamene mkulu wa nkhondo wa Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, adaoloka mtsinje wa Rovuma kuloŵa m'Mozambique mu Novembala 1917, iwo adamlondola m'nkhalango za kumeneko kwa miyezi yambiri. Makolo athu adaitcha nkhondo imeneyi kuti nkhondo ya chiwaya, potengera mfuti ija yolavula zipolopolo mosalekeza. Tsono ngakhale timakhala chete pokumbukira tsiku la 11 Novembala, kwathu kuno nkhondo siidathe tsiku limenelo. Lettow-Vorbeck adamva za mtendere patapita masiku angapo ali pafupi ndi mtsinje wa Chambeshi m'dziko la Zambia, ndipo adatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala, pa 25 Novembala 1918.

Amtengatenga

Msilikali aliyense amafuna chakudya, zipolopolo, mankhwala ndi hema. Kumene nkhondoyi inkamenyedwa kudalibe misewu yoyenda galimoto kapena njanji, ndipo ng'ombe, abulu ndi akavalo zinkafa ndi kashembe. Chotsala chidali mutu wa munthu. Katundu ankabwera pa sitima za pa nyanja kuchokera ku Fort Johnston, kumene ndi ku Mangochi, mpaka ku madooko a kumpoto ndi a kutsidya monga Mbamba Bay, ndipo kuchokera pamenepo ankasenzedwa ndi anthu, mtunda wa masiku ambiri, kukwera zitunda ndi kuoloka mitsinje yodzaza. Anthu ameneŵa ndiwo amtengatenga. Olemba mbiri amati dziko lino, limene pa nthaŵiyo lidali ndi anthu ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi, lidapereka amtengatenga pafupifupi 200,000, ena mwa iwo atatengedwa kangapo. Ndiye kuti pa msilikali mmodzi aliyense padali anthu ngati khumi osenza katundu.

Poyamba ena adapita mwa kufuna kwao pofuna ndalama za msonkho. Koma mbiri ya mavuto a ulendowo itafika m'midzi, anthu adayamba kukana, ndipo boma lidayamba kugwira anthu mokakamiza. Mafumu ankauzidwa chiŵerengero cha amuna oti apereke, ndipo mfumu yolephera inkaopsezedwa kuti ilandidwa ufumu. Amesenjala ankazinga midzi usiku. Amuna akathaŵira kuthengo kapena kumapiri, nthaŵi zina akazi ao ankagwidwa ndi kusungidwa mpaka amunawo atadzipereka okha. Midzi ya m'boma la Lilongwe, la Dowa ndi la Dedza siidapulumuke pa zimenezi. Pamalo pomwe lero pali nyumba za maofesi ndi misewu ya phula, pa nthaŵiyo padali minda ndi midzi ya Acheŵa, ndipo m'midzi yotereyi ndi m'mene ankachokera anthu oyenda pansi kupita kunyanja kukasenza katundu wa nkhondo.

Mtengatenga ankasenza katundu wolemera makilogalamu 25 kapena kuposerapo, wopanda nsapato, kaŵirikaŵiri wopanda chofunda chokwanira m'mapiri ozizira. Vuto lalikulu lidali lakuti wosenza chakudya nayenso amadya: ulendo ukatalika, gawo lalikulu la ufa umene wasenza limathera m'njira, choncho akuluakulu a nkhondo ankachepetsa phoso lake kuti chakudya chifike kwa asilikali. Anthu ofooka ndi njala adagwidwa ndi kamwazi, chibayo, malungo ndi nthomba. Wodwala ankasiyidwa m'mbali mwa njira. Mabuku a boma adaŵerenga amtengatenga a dziko lino oposa 4,000 amene adafa, koma chiŵerengerochi sichiphatikiza amene adathaŵa nafera m'thengo, kapena amene adafika kwao ali mafupa okhaokha namwalira patapita masabata oŵerengeka.

Kumudzi nako kudali maliro ake. Minda idasoŵa olima, nkhokwe zidatengedwa chimanga chodyetsa asilikali, ndipo njala idagwa m'madera ambiri. Kumapeto kwa 1918 kudafika mliri wa fuluwenza, umene udayenda m'njira zomwezo zimene ankabwerera asilikali ndi amtengatenga, ndipo udapha anthu zikwizikwi m'miyezi yochepa. Amai amene adalima okha, nasinja ufa wa nkhondo, nalera ana amasiye, nawonso adasenza nkhondoyi ngakhale sadachoke pakhomo. Papa Benedict XV, polembera atsogoleri a maiko omenyanawo pa 1 Ogasiti 1917, adaitcha nkhondoyi kuphana kopanda phindu. Akadafunsidwa makolo athu, akadayankha ndi mwambi wao wakuti nkhondo siimanga mudzi.

Maina osalembedwa

Pa nsanja ya ku Zomba padalembedwa maina a asilikali a Keyala amene adafa. Ku Karonga kuli manda osamalidwa bwino a azungu, Angerezi ndi Ajeremani omwe, aliyense ndi mwala wake. Nanga amtengatenga manda ao ali kuti? Ochuluka adakwiriridwa pomwe adagwera, popanda chizindikiro, ndipo abale ao sadalandire uthenga uliwonse. Kwa ife Amalaŵi chimenechi n'chinthu choŵaŵa koposa, pakuti munthu akamwalira timafuna kumuona nkhope, kumgoneka pakati pa makolo ake, kumeta, ndi kudzamanga chiliza pa manda ake. Mabanja ambiri adangodikira, chaka chino, chaka chamaŵa, mpaka chiyembekezo chidazilala.

Kuiŵalika kumeneku kudachitika mwadala. Mu Epulo 2021 bungwe losamala manda a ankhondo, la Commonwealth War Graves Commission, lidatulutsa lipoti lovomera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, amene adafa potumikira ufumu wa Mangalande pa nkhondo yoyamba, ochuluka a iwo a kuvuma kwa Africa ndi a ku Egypt, sadalembedwe maina pa chikumbutso chilichonse, ndipo ena sadakumbukiridwe mwa njira ina iliyonse. Lipotilo lidanena poyera kuti chifukwa chake chidali tsankho la akuluakulu a nthaŵi imeneyo, amene ankaganiza kuti anthu akuda sadziŵa kufunika kwa manda. Nduna yoona za chitetezo ku Mangalande, Ben Wallace, idapepesa m'nyumba ya malamulo ya dzikolo. Mu Januwale 2025 ku Cape Town adatsegula chikumbutso chokhala ndi maina oposa 1,700 a anthu akuda ogwira ntchito za nkhondo amene adali ataiŵalika. Kupepesa kumeneku n'kwabwino, koma kudafika patapita zaka zoposa 100, pamene akazi amasiye ndi ana ao omwe adali atagona kale.

Perete wa kumudzi

Komabe tisaganize kuti makolo athu adadikira boma kuti liŵaphunzitse kukumbukira. Obwerera kunkhondo adabwera ndi zimene adaona: kuguba, mizere, maudindo, malipenga ndi ng'oma zazikulu. Zimenezi adazisandutsa magule. Pakati pa Ayao a ku Mangochi, Machinga ndi Zomba padafala beni, gule wochokera ku gombe la Aswahili amene dzina lake lidachokera ku liu la Chingerezi lotanthauza gulu la oimba. Ku Nkhotakota, Ntchisi, Dowa, Kasungu ndi kuno ku Lilongwe kudakhazikika mganda, ndipo ku Nkhata Bay, ku Karonga ndi pa zilumba za Likoma ndi Chizumulu kudakhazikika malipenga.

Chitsanzo cha ku Likoma n'chopatsa chidwi. Boma limeneli, kuphatikiza zilumba zonse ziŵiri, lidali ndi anthu osakwana 15,000 pa kalembera wa 2018, ndipo lili pakati pa madzi, kufupi ndi gombe la Mozambique. Komatu nkhondo ya chiwaya idafikako ndithu. Sitima ya mishoni ya Anglican, Chauncy Maples, imene inkayendera midzi ya m'mbali mwa nyanja itanyamula ansembe ndi aphunzitsi, idatengedwa ndi boma kuti izinyamula asilikali ndi katundu, ndipo ntchito ya mishoni kutsidya la Ajeremani idasokonekera. Mpaka lero amuna a pa zilumbazi amavina malipenga m'magulu otchedwa maboma. Boma lililonse lili ndi mfumu yake ndi akuluakulu ena okhala ndi maudindo onga a usilikali. Ovina amavala makabudula ndi malaya ochapa bwino ndi masokosi aatali, amaloŵa m'bwalo mondondozana, naponda mofanana ngati asilikali pa perete, uku akuimba ndi zikho zoboola m'malo mwa malipenga achitsulo. Maboma amayenderana ndi kupikisana, ndipo mudzi wonse umasonkhana kudzaonerera.

Akatswiri amasiyana maganizo pa tanthauzo la magule ameneŵa. Ena amati ovina ankasirira ulemerero wa asilikali a mzungu, ena amati ankauseka. Mwina zonse ziŵiri n'zoona. Chimene tikuona ife n'chakuti anthu wamba, amene pa perete weniweni adali osenza katundu kumbuyo, m'bwalo la kwao adadzipatsa okha maudindo a mfumu ndi kapitao, ndipo m'malo mwa mfuti adanyamula chikho. Adatenga chinthu chimene chidaŵazunza nachisandutsa chosangalatsa mudzi. Mwana amene akuvina mganda pa sukulu ku Kawale lero mwina sadziŵa kuti mapazi ake akubwereza kuguba kwa agogo a agogo ake. Ndi udindo wa makolo ndi aphunzitsi kumuuza.

Nkhondo zotsatira

Pa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, kuyambira 1939 mpaka 1945, amuna a dziko lino oposa 25,000 adaloŵanso Keyala. Adamenya nkhondo ku Moyale m'malire a Kenya ndi Ethiopia mu 1940, ndipo n'chifukwa chake malo a asilikali a ku Mzuzu amatchedwa Moyale Barracks. Adafikanso ku Somaliland, ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku nkhalango za Burma. Pobwerera, ndalama yothokoza imene msilikali wakuda adalandira idali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a imene adalandira mzungu wa udindo womwewo. Ambiri adakalamba ali amphaŵi, ena m'nyumba zosungirako asilikali akale ku Zomba. Lero otsala mwa iwo ndi oŵerengeka kwambiri, ndipo aliyense ali ndi zaka pafupifupi 100.

Ndipo mndandanda wa akufa sudatsekedwe mu 1945. Mu Novembala 2018 asilikali asanu ndi mmodzi a dziko lino adaphedwa kuvuma kwa dziko la Congo ali pa ntchito yosungitsa mtendere, ndipo mu Januwale 2025 enanso atatu adafera kufupi ndi mzinda wa Goma. Akazi ao amasiye ndi ana ao ali pakati pathu, ena mwina timapemphera nao m'mphakati umodzi. Kwa iwo, lipenga lolira pa chipilala chija likunena za munthu amene mpando wake pakhomo ukadali wopanda wokhalapo.

Ntchito yatsalira ife

Tsono tibwerere ku funso lathu lija. Perete wa ku Area 18 ndi woyenera, ndipo asilikali amene adagwa ayenera kulandira ulemu wonse umene amapatsidwa. Koma tikakhala chete kwa mphindi ziŵiri zija n'kumaganiza za ovala mendulo okha, tidzakhala tikubwereza tsankho lomwe lija limene eni ake adalipepesa kale. Mtengatenga wa ku Dowa amene adagona m'mbali mwa njira ya ku Songea, mai wa ku Dedza amene adasungidwa pa boma mpaka mwamuna wake atabwera, mwana amene adafa ndi fuluwenza mu 1919, onseŵa ali ndi malo pa chete ameneyo.

Maina ao sitingaŵapeze onse m'mabuku a ku Zomba kapena a ku London, chifukwa ambiri sadalembedwe. Malo okha amene atsala ndi m'mitu ya agogo athu, amene adamva kwa agogo ao kuti malume akutiakuti adatengedwa pa nkhondo ya chiwaya ndipo sadabwerere. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo limeneli likuphwa chaka ndi chaka. Ife a m'tauni, amene ana athu akukula osadziŵa ngakhale dzina la mudzi wa agogo ao, tili pa ngozi yotaya zonsezi m'mbadwo umodzi wokha. Choncho tikapita kumudzi, tiyeni tikhale pansi ndi achikulire, tiŵafunse, tilembe m'kope dzina la munthuyo, mfunda wake, mudzi wake ndi zimene zikukumbukika za ulendo wake. Kope lotere lidzakhala chiliza chimene munthuyo sadamangiridwe.

Mwezi wa Novembala ndi umene Eklezia amapempherera akufa, kuyambira pa 2 Novembala, ndipo m'maparishi mwathu timapereka maina a abale athu kuti atchulidwe pa Misa. Tsiku la 11 Novembala lomwelo ndi la Martin Woyera wa ku Tours, msilikali wa Aroma amene adang'amba chofunda chake pakati nagaŵira wopemphapempha wozizidwa, ndipo pambuyo pake adatula zida. Kodi chingatilepheretse n'chiyani kuwonjeza pa mndandanda wathu dzina la kholo lija limene lidafa ndi chisanu m'mapiri lilibe chofunda, ndipo maliro ake sadaliridwe? Maliro n'kulirana, ndipo ameneŵa akhala akudikira kwa nthaŵi yaitali. Ngatinso m'dera lathu muli msilikali wakale kapena banja la msilikali amene adafera ku Congo, tisadikire Novembala kuti tikaŵaone.

Chaka chino, amene angathe apite ndi ana ao ku chipilala cha ku Area 18 kukaona mwambowu ndi maso. Amene sangathe aime pomwe ali nthaŵi ya 11 koloko ikakwana. Ndipo mwana akadzafunsa kuti, “Kodi takhaliranji chete?” kholo lidzakhale ndi dzina la munthu wa m'banja lomwelo loti limuuze.